Chiponde chathu achikana chifukwa cha chuku, kodi a kuyunivesite angatithandize?

Mayi Nabanda, Santhe: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatisowetsa tulo ku gulu lathu la amayi. Timapanga chiponde, makina okazingira ndi operera tinagula ndi ndalama za banki mkhonde. Sitolo ina ya ku Lilongwe inati ikhoza kumatipikula, koma tiyambe tayezetsa. Zotsatira zabwera, akuti poizoni wa chuku wachuluka, sangatenge ngakhale botolo limodzi. Chonsecho mtedza timasankha, wowola timataya. Mwana wanga akuti tikapemphe thandizo ku Bunda. Kodi anthu akumudzi ngati ife tingangofika payunivesite n'kugogoda? Alipo pano amene anathandizidwapo ndi anthu a kafukufukuwa, kapena tingotaya ndalama ya thiransipoti?

Aphiri, Chamama: Mayi, pepani ndi zimenezo. Koma ine za anthu a kafukufuku ndatopa nazo. Amabwera ndi galimoto, amfumu atiitana, tikhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa. Mumadya kangati patsiku, muli ndi mbuzi zingati, munakolola matumba angati. Atenga dothi m'timapepala, atijambula, basi apita. Zomwe anapeza m'dothi langa mpaka lero sindikuzidziwa. Iwo digiri analandira, ine munda ukadali womwewo.

Madalitso: Zoona zimenezo bambo. Kwathunso zimachitika.

Chikondi: Aphiri, zomwe mukunenazo sindingakutsutseni, ndipo ndi chinthu choipa. Ine ndinaphunzira ku Bunda, ndikudziwa m'mene zimakhalira: wophunzira amakhala ndi ndalama yongokwanira kupita kumudzi kamodzi, akalemba pepala lake aphunzitsi achonga, nkhani yathera pomwepo. Koma nkhani ya amayiwa ndi yosiyana, chifukwa funso likuchokera kwa iwo. Ndiloleni ndiyambe ndi chukucho.

Amayi, poizoni amene apezekayo dzina lake ndi aflatoxin. Amapangidwa ndi nkhungu ina yokhala m'dothi, ndipo vuto lake ndi loti saoneka ndi maso. Mtedza ukhoza kuoneka bwinobwino, wosawola, koma uli naye. Kukazinga sikumupha, kuphika sikumupha. Nkhunguyi imalowa mtedza ukadali m'munda, makamaka mvula ikadula msanga mtedza usanakhwime, kapena chiswe ndi khasu zikaboola makoko. Kenako imaswana mtedza ukayanikidwa padothi, ukaikidwa m'thumba usanaumitsitse, kapena ukanyowetsedwa. Njere zochepa chabe zoipa zimakwana kuononga mphika wonse wa chiponde, chifukwa mukapera zimasakanikirana ndi zabwino zonse. Ndiye ndikufunseni, mtedzawo mumalima nokha kapena mumagula? Ndipo mumagula woswa kale kapena wamakoko?

Mayi Nabanda, Santhe: Wina timalima, koma wambiri timagula pamsika woswa kale. Wamakoko umatichedwetsa.

Chikondi: Mwina vuto lagona pamenepo. Anthu ambiri akafuna kuswa mtedza amauwaza madzi usiku kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Ena amawaza kuti ulemere pasikelo. Mtedza wotero ukangolowa m'thumba, masiku ochepa nkhungu yagwira kale, ngakhale kunja ukuoneka wowala.

Nankhoma, Kamwendo: Ine ndine mlendo wanu wa ku Mchinji, koma nkhani iyi ndi yathu kwambiri, ndiye ndiyankhepo. Makolo athu amakamba kuti kale Chalimbana ankapita ku Ulaya wambirimbiri. Msika umenewo unadzatsekeka, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chuku chomwechi, poti ku Ulaya malire ake ndi okhwima kwambiri: poizoniyu mu mtedza woti anthu adye asapitirire magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi. Kuno alimi a bungwe la MASFA, lomwe lili pansi pa bungwe lalikulu la alimi la NASFAM, anadzayambanso kutumiza mtedza ku UK kudzera mu Fairtrade, ndondomeko ya malonda achilungamo. Sizinangochitika. Akatswiri a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu, a kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze anathandiza ndi njira yoyezera chuku yotsika mtengo, ndipo alangizi anayenda m'makalabu kuphunzitsa kaumitsidwe.

Chomwe ine ndinatolapo ndi kuumitsa kwa Mandela cock. Mukakumba mtedza simuthothola nthawi yomweyo. Mumausanja mozungulira ngati kankhokwe, mtedza kuloza mkati, masamba kunja, pakati kusiya mphako yoti mphepo izidutsa, pamwamba n'kutseka ndi mitengo ina ya mtedza womwewo. Mvula yamawawa ikagwa imatsetsereka pamasamba, dzuwa silipsereza njere, ndipo mtedza sugona padothi. Umakhala pamenepo masabata awiri kapena kuposerapo, mpaka mukagwedeza khoko muzimva njere ikulira mkati. Apongozi anga poyamba ankati ndi ntchito yachabe, pano ndi amene amayamba kusanja. Komanso mbewu zomwe tikubzalazi, CG7, Nsinjiro yopirira ku kadukutu, zonse zinadutsa m'manja mwa ofufuza ku Chitedze. Ndiye Aphiri, tisanene kuti palibe chomwe tinapezapo.

Aphiri, Chamama: Mayi a ku Mchinji, Chitedze si yunivesite. Amenewo ndi a boma a zaulimi, ntchito yawo ndi imeneyo. Ine ndikunena za masukulu aukachenjedewa. Ndipo taonani feteleza wa Mbeya. Ndani anatiphunzitsa? Tinaphunzitsana tokha alimi feteleza atakwera mtengo: ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono, madzi, kumanga m'thumba masiku 21. Ophunzirawo anabwera pambuyo kudzatifunsa ifeyo.

Chikondi: Za Mbeya mwanena zoona, inayenda pakamwa ndi pakamwa. Koma ngakhale pamenepo pali ntchito ya labotale, chifukwa aliyense amasakaniza muyezo wakewake ndipo ndi kuyeza kokha komwe kungatiuze kuti m'thumbamo muli chakudya cha mbewu chochuluka bwanji. Za Chitedze, anthu ambiri ogwira ntchito kumeneko anaphunzira ku Bunda, ndipo ophunzira a LUANAR, yunivesite yomwe Bunda ili pansi pake, amakachitira kafukufuku wawo m'minda yomweyo. N'zovuta kuwalekanitsa. Pa nkhani ya chukuyi, ku LUANAR kuli Pulofesa Limbikani Matumba amene wakhala akufufuza za poizoni wa nkhungu m'zakudya za kuno kwa zaka zambiri, kuphatikizapo chiponde chogulitsidwa m'masitolo. Ndiye anthu odziwa nkhaniyi alipo, ndipo si azungu, ndi anzathu.

Achisale, Kasungu boma: Ndalowa mochedwa, ndinali ndi makasitomala. Ine ndimagulitsa zipangizo zaulimi, ndiye ndilankhule monga wamalonda. Kafukufuku amene amafika kwa mlimi ndi amene wapeza munthu woti apange chinthucho n'kuchiika pashelefu. Ndipereke chitsanzo cha inokulanti wa soya, ufa wakuda wokhala ndi tizilombo tothandiza mbewuyo kupeza chakudya. Kale ankapangidwa ku Chitedze pang'onopang'ono, mlimi wa ku Chulu akanamupeza bwanji? Kunabwera pulojekiti ya N2Africa, yotsogoleredwa ndi yunivesite ya Wageningen ya ku Netherlands pamodzi ndi bungwe lofufuza zaulimi la IITA, anayesa m'minda ya alimi n'kuonetsa kuti soya wothira inokulanti amabereka kuposa wosathira. Kenako kampani ya kuno, AISL, inayamba kupanga inokulanti wotchedwa Nitrofix ku Lilongwe. Apo ndi pomwe zinasinthira. Lero ikafika Novembala timapaketi timeneti timatha msanga kuposa mankhwala ambiri amene ndili nawo.

Ndimawauza makasitomala kuti ndi zamoyo zimenezi, musaziike padzuwa kapena pafupi ndi moto. Muthire mbewu m'beseni pamthunzi, muwaze timadzi pang'ono, musakanize ufa wakudawo mpaka njere iliyonse ide, mubzale tsiku lomwelo. Soya akayamba maluwa muzule mtengo umodzi, muone timibulu ta kumizu, mutswanye kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira ndiye kuti tizilomboto tikugwira ntchito, tikukoka chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya. Mlimi akaona yekha zimenezo safunanso kumunyengerera chaka chamawa.

Chimodzimodzi matumba a PICS osungira chimanga popanda mankhwala. Nzeru yake inachokera ku yunivesite ya Purdue ku America: mapulasitiki awiri mkati, thumba wamba kunja, kumanga lililonse palokha, nankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya. Zikanangothera m'mabuku a ku Purdue bwenzi tikungomva. Zinatheka chifukwa panapezeka fakitale yowapanga ndi ife ogulitsa.

Aphiri, Chamama: Ndiye mwavomereza nokha Achisale kuti wopindula ndi wa fakitale ndi inu a sitolo.

Achisale, Kasungu boma: Ndimapindula ndithu, sindikana, ndi ntchito yanga. Koma inunso soya wanu akabereka simundigawira. Chomwe ndikunena ndi chakuti popanda wopindula pakatipa, chinthucho chimatha tsiku lomwe pulojekiti yatseka. Taonani Aflasafe, mankhwala amene IITA inapanga olimbana ndi chuku chomwechi. Ndi njere za mapira zokutidwa ndi nkhungu ya mtundu womwewo koma yosatulutsa poizoni, mumamwaza m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanayambe maluwa, imalanda malo a yoipa ija. Nzeru yabwino kwabasi. Koma ndi angati pagulu pano amene anaigwirapo m'manja? Mlimi sangaigule ngati venda akugula mtedza wachuku ndi wopanda chuku pamtengo umodzi.

Nankhoma, Kamwendo: Apo mwalasa. Venda safunsa za chuku, amangoyang'ana sikelo.

Madalitso: Ine ndimagwira ntchito zaumoyo kumidzi, ndiye ndikumbutseko za ma drone, ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa m'kati, poti Kasungu yemweyu ndi amene anatchuka nazo. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ndegezi pabwalo la ndege la Kasungu, kuzungulira makilomita 40. Chaka chomwecho a yunivesite ya Virginia Tech anabwera kudzagwira ntchito ndi achinyamata a ku Malawi, anapanga drone yawo n'kuiulutsa makilomita 19 kuchokera ku Gogode kufika pabwalo la ndege. Ofufuza ena ochokera ku Liverpool ndi Lancaster ku UK, pamodzi ndi a bungwe lofufuza zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome, ankajambula madambo ndi madamu kufufuza malo oswanirana udzudzu. Mu 2020 kunatsegulidwa sukulu ya ma drone ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, mogwirizana ndi Virginia Tech ndi yunivesite ya kuno ya MUST. Ine ndinaona ndi maso anga bokosi la mankhwala likutsika kuchokera kumwamba nthawi ya dzinja, msewu utaduka. Kwa mayi amene akudikira mankhwala a mwana wake, zimenezo si masewera.

Koma chimandiwawa ndi chakuti oyesa anayesera kuno, sukulu inakamangidwa kwina. Mwana wa ku Kaluluma amene ankathamangira kukaonerera ndege zija, njira yoti akafike kumeneko ndi yotalika kwambiri.

Bambo Mwale, Wimbe: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo kwathu kuno ndi komwe kunachokera William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala. Mnyamata ameneyu anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo atasowa fizi. Anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala, akuonera zithunzi m'buku la mulaibulale yaing'ono. Panalibe pulofesa pambali pake. Anthu ophunzira anamudziwa makinawo atayima kale, kenako anapita kukoleji ya Dartmouth ku America n'kumaliza mu 2014. Ndikutchula zimenezi chifukwa Aphiri akunena zoona kuti nzeru kumudzi ziliko. Koma laibulale ija ikanapanda kukhalapo, bwenzi nzeruzo zitathera m'munda wa fodya. Zonse ziwiri zimafunika.

Tsono funso langa ndi la ndalama. Amene walipira kafukufuku ndi amene amasankha funso. Alimi a fodya amadulidwa kandalama akagulitsa ku okushoni, ngati ku Chinkhoma kuno, ndipo gawo lina limapita ku ARET, amene amafufuza za mbewu ndi matenda a fodya ndipo ali ndi koleji ku Mwimba konkuno ku Kasungu. Fodya tikhoza kumunena zambiri, koma kafukufuku wake ali ndi mwini. Nanga wa mtedza ndi soya mwini wake ndani? Wambiri amalipiridwa ndi mabungwe akunja. Mu 2025 boma la America litadula thandizo la USAID, ntchito zambiri zinaima pakati, kuphatikizapo zina zomwe mayunivesite a ku America ankachita ndi anzawo a ku Africa kuno pa mbewu za mtundu wa nyemba. Munda woyeserera ukasiyidwa chaka chimodzi, zaka zonse zam'mbuyo zapita pachabe. Makopaletivi athu atamasonkha kangachepe pa thumba lililonse, bwenzi tikupita kuyunivesite ngati olemba ntchito, osati opempha.

Aphiri, Chamama: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma mawu oti kudula asamveke n'komwe. Amene tinalimapo fodya tikudziwa m'mene pepala la malipiro limaonekera: apa adula, apa adula, pofika pansi watsala ndi yogulira mchere. Mukayambitsa zimenezo ku mtedza alimi onse athawira kwa mavenda.

Bambo Mwale, Wimbe: Ndamva Aphiri. Koma kudulidwa ndi munthu wina ndi kusonkha nokha, ndalama n'kuisunga nokha, n'kusankha nokha chofufuza, ndi zinthu ziwiri.

Aphiri, Chamama: Msungichuma wake adzakhala ndani? Tiyeni tisiye pomwepo.

Achisale, Kasungu boma: Pali china chomwe amayi a ku Santhe asamale nacho. Mukapita kumeneko mudzawaonetsa zonse, kakazingidwe kanu, muyezo wa mchere, komwe mumagula. Mulembe pepala logwirizana kuti zotsatira adzakubweretsereni m'Chichewa, pamaso, ndipo dzina la gulu lanu asalitchule m'mapepala awo popanda chilolezo chanu. Tangoganizani nyuzipepala italemba kuti chiponde cha gulu lakutilakuti chapezeka ndi poizoni. Bizinesi yatha tsiku lomwelo, ngakhale mutakonza.

Chikondi: Achisale anena mfundo yaikulu, ndipo n'zololedwa kupempha zimenezo. Malamulo a kafukufuku amafuna kuti munthu avomere yekha ndiponso kuti dzina lake libisidwe, kungoti kumudzi anthu sauzidwa kuti ali ndi ufulu wokana kapena woika mfundo zawo.

Amayi, m'mene ndikuonera ine, musapite chimanjamanja kukangoti tithandizeni. Lembani kalata ku dipatimenti yoona za sayansi ya zakudya ku LUANAR, mudutsire kwa alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya kwanu, kuti aikepo mawu awo. M'kalatamo funso likhale limodzi lomveka: chuku chikulowera pati pa ntchito yathu? Ophunzira a chaka chomaliza ndi a masters chaka chilichonse amasowa mitu ya kafukufuku, ena amangotola mitu yoti palibe amene adzaigwiritse ntchito. Wanuwu ndi mutu weniweni. Wophunzira akhoza kutenga zoyesa pamalo anayi: mtedza wa m'munda mwanu, wogula pamsika, wosankha kale, ndi chiponde chomwe chili m'botolo. Manambala akabwera mudzadziwa pokonza. Mwina mudzapeza kuti wolima nokha ndi wabwino, woipa ndi wapamsika, ndiye mudzangopangana ndi alimi angapo odziwika kuti azikugulitsani wamakoko, wouma bwino, inu n'kumaswa nokha osathira madzi. Zikatero mukhoza kuwalipira mtengo wokwererapo, ndipo Aflasafe ija ya Achisale ndi Mandela cock ya mayi Nankhoma zipeza chifukwa chochitira.

Dziwaninso kuti zoyezera zimafuna ndalama, ndipo yunivesite sipereka chiphaso chogulitsira. Chiphaso ndi cha a Malawi Bureau of Standards (MBS). Ayunivesite angokuthandizani kuti pokafika ku MBS mukafike mutakonzeka.

Nankhoma, Kamwendo: Ndionjezere pa kusankha. Kusankha kwa chiponde chogulitsa si kwa kunyumba kuja kongochotsa wowola. Muchotse wonyala, wosweka, wosintha mtundu, woboola tizilombo, ndi uja waung'onoung'ono wosakhwima. Mukakazinga n'kupukusa, musankhenso kachiwiri, chifukwa khungu likachoka ndi pomwe madontho akuda ndi achikasu amaonekera. Muchitire panja powala, pamphasa kapena pathebulo, osati madzulo mutatopa.

Mayi Nabanda, Santhe: Zikomo nonse, ndalemba zonsezi m'kope. Kusankha kachiwiriko sitinkachita. Koma ndifunse chinthu china chomwe chikundivuta mumtima. Wosankhidwa uja sititaya wonse ayi, woolerathu yekha ndi amene timataya. Wonyala ndi wosweka amayi amagawana, amakasinja nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la ana. Ndiye mukutanthauza kuti umenewo ndiye woipitsitsa?

Madalitso: Inde mayi, umenewo ndiye woopsa kwambiri, chifukwa poizoni yense amene mwachotsa mu wabwino uja wasonkhana m'menemo. Aflatoxin amaononga chiwindi pang'onopang'ono, amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo ofufuza amamugwirizanitsanso ndi kupinimbira kwa ana. Kawirikawiri munthu sadwala tsiku lomwelo, n'chifukwa chake anthu sakhulupirira. Chonde phala la ana lisathiridwe nsinjiro za mtedza umenewo. Ngakhale ng'ombe yamkaka musaipatse, poizoniyo amadutsa mpaka mumkaka.

Aphiri, Chamama: Zimenezi ndiye ndimafuna ofufuza aja akanabwera kudzatiuza pansi pa mtengo paja. Kwathu nyumba iliyonse imachita zomwezo, wabwino kugulitsa, wotsala kudya. Ngati wophunzira wanuyo abweredi, Chikondi, adzafikenso ku Chamama. Ndidzamupatsa mtedza wanga ayeze, koma zotsatira adzabwere nazo yekha.

Chikondi: Ndidzawauza choncho bambo, ndipo tidzazilemba m'pepala lomwe Achisale anena lija.

Mayi Nabanda, Santhe: Nanga mabotolo amene tinapanga kale aja? Adzaza makatoni m'nyumba mwa msungichuma wathu. Amayi ena akuti tingokagulitsa pamsika wa Santhe poti kumeneko safunsa pepala, tibweze ndalama ya banki mkhonde. Ngongoleyo ndi ya tonse ndipo mwezi ukutha.

Madalitso: Ogula pamsikawo ndi ana a anzathu omwewa mayi. Musagulitse.

Bambo Mwale, Wimbe: Ndi zowawa, koma musagulitse mwana wanga. Kambiranani ndi a banki mkhonde akutalikitsireni nthawi, ndi anthu a m'mudzi momwemo, adzamva. Kalata ya ku LUANAR ija nditumizireni ku inbox mukailemba, ndikuthandizani kuiika m'Chingerezi.

Mayi Nabanda, Santhe: Ndamva bambo. Koma ine ndekha ndikakanena zimenezi amayi sakandimvera, adzati ndikufuna kuwagwetsa. Timakumana Lachinayi masana kutchalitchi. A Chikondi, simungabwere mudzawafotokozere nokha za nsinjiro zija ndi za mabotolowa? Thiransipoti tisonkha.

Chikondi: Ndibwera amayi. Musunge mabotolo angapo osatsegula a tsiku lililonse lomwe munapanga, ndi mtedza pang'ono wa thumba lililonse lomwe latsala, mulembe pomwe munagula. Zimenezo zidzafunika poyeza.

Achisale, Kasungu boma: Za thiransipoti musavutike, Lachinayi ndikupita ku Lilongwe kukatenga katundu, Chikondi ndidzamutsitsa pa Santhe. Chikondi, udzandipeze pasitolo 7 koloko m'mawa.